Tochi yaing'ono yojambulira usiku: ndisankhe yotani kuti mitundu isasinthe?

Funso: Ndimajambula zithunzi za maukwati ndi zinkhoswe kuno ku Zomba, ndipo ndayamba kuyeserera kujambula usiku, kamera ili pa tripod (choimikapo cha miyendo itatu), shutter (kachitseko kolowetsa kuwala m'kamera) ili yotsekula kwa masekondi 20 kapena 30, ine ndikuyendetsa kuwala kwa tochi pa munthu kapena kulemba nako m'malere. Tochi imene ndinagula pamsika inalembedwa kuti ndi ya ma lumen 10,000, koma chitenje chofiira chikutuluka chabulawuni, nkhope za anthu zikuoneka zotuwa, ndipo mizere imene ndikulemba ikutuluka yodukaduka. Ndikufuna tochi yokwana m'thumba, yoonetsa mitundu mmene ilili. Ndiyang'ane chiyani pogula? Ndine wowerenga wa ku Chinamwali.

Yankho: Achimwene, mavuto atatu amene mwatchulawa ali ndi magwero awiri okha, ndipo palibe limene likuchokera ku kuchepa kwa kuwala. Chitenje chosintha mtundu ndi nkhope zotuwa zikuchokera ku babu la LED limene lili m'tochi yanu, pamene mizere yodukaduka ikuchokera ku kachipangizo kotchedwa driver, kamene kamayendetsa moto kuchoka m'batire kupita ku babulo. Nambala ya ma lumen, yosonyeza kuchuluka kwa kuwala, imene imalembedwa ndi zilembo zikuluzikulu pabokosi, siikhudza chilichonse mwa ziwirizi. Shutter ikakhala yotsekula kwa masekondi 30, kamera imasonkhanitsa kuwala konse kumene mwaponya m'nthawi imeneyo, kotero kuti ma lumen 300 amakwana kuwalitsa munthu, mtengo kapena khoma la nyumba, ndipo nthawi zambiri mudzapezeka mukuchepetsa kuwala m'malo mokuwonjezera. Dziwaninso kuti tochi ya babu limodzi laling'ono ndi batire limodzi singatulutse ma lumen 10,000, choncho nambala imene ili pabokosi lanulo ndi yongokopa wogula.

Babu la LED silitulutsa kuwala koyera palokha. Mkati mwake muli kachidutswa kotulutsa kuwala kwa buluu, ka mtundu umene Shuji Nakamura anapanga ali ku kampani ya Nichia ku Japan mu 1993, ntchito imene inamupezetsa mphoto ya Nobel mu 2014 pamodzi ndi Isamu Akasaki ndi Hiroshi Amano. Pamwamba pa kachidutswako amapakapo mankhwala achikasu otchedwa phosphor, aja mumawaona mukasuzumira m'tochi yozima, ndipo mankhwalawa amamwa gawo lina la buluuyo n'kulitulutsa lili lachikasu. Diso likalandira buluu ndi chikasu pamodzi limavomereza kuti kuwalako n'koyera, koma kuyera kwake n'koperewera, pakuti kufiira kokolera mumakhala mulibe kokwanira. Chinthu chimaoneka chofiira chifukwa chimabweza kuwala kofiira kumene kwachigwera n'kumeza kwinako. Ngati tochi siinaponye kufiira, chitenje chilibe choti chibweze, ndipo kamera imalemba bulawuni wozilala. Khungu la munthu nalonso, kuphatikizapo lathu lakudali, limaoneka lamoyo chifukwa cha kufiirira kumene kuli mwa ilo, ndiye kufiirirako kukasowa kumatsala kutuwa kumene mwakuona pankhope za makasitomala anu. Mababu abwino amawawonjezera phosphor wina wotulutsa kufiira, ndipo zimenezi zimadya mbali ya mphamvu yawo. N'chifukwa chake tochi yoonetsa bwino mitundu imakhala ndi ma lumen ochepa poyerekeza ndi inzake ya msinkhu womwewo, ndipo wogula wosadziwa amaisiya poganiza kuti ndi yofooka.

Muyezo woyamba woti muufunse ndi CRI, umene mapeto ake ndi 100. Amaupeza pofananitsa mmene mitundu ina yosankhidwa imaonekera pa kuwala kwa babulo ndi mmene imaonekera pa kuwala kwa masana kapena kwa babu lakale lija la kawaya kotentha. Matochi wamba amakhala cha m'ma 70, ndipo ambiri salemba n'komwe. Wopanga amene waika babu labwino sabisa nambalayi, choncho ikasowa mudziwiretu chimene mwagwira. Pa ntchito yanu musatsike pansi pa 90. Komabe nambala imeneyi ili ndi msampha umene ojambula ambiri amagwamo. CRI imene imalembedwa pabokosi, imene imatchedwanso Ra, ndi avereji ya mitundu 8 yokha, kuyambira R1 mpaka R8, ndipo yonseyo ndi mitundu yofatsa, yosakolera. Kufiira kokolera kumayezedwa padera pa nambala ya R9, imene siilowa mu avereji ija, monga mmene mapointi a mwana wa Folomu 4 amawerengedwera pa maphunziro 6 amene wakhoza bwino, phunziro limene walakwa n'kutsala kunja. Babu likhoza kukhala ndi CRI ya 80 pamene R9 yake ili pafupi ndi 0, ngakhalenso pansi pa 0. Kwa munthu wojambula nkhope, zitenje ndi njerwa zootcha, R9 ndiye nambala yaikulu: isachepere 50, ndipo ikafika 80 mwapeza chinthu chabwino. Kampani ya Nichia imalemba zonse ziwiri m'chizindikiro chimodzi, kotero mukaona R9080 zikutanthauza Ra ya 90 ndi R9 ya 80, pamene R9050 ndi Ra ya 90 ndi R9 ya 50. Palinso muyezo watsopano wa TM-30, umene unatuluka mu 2015 ndipo umayeza mitundu 99, koma opanga matochi ochepa okha ndi amene amaulemba.

Mwina mukuganiza zokakonza mitunduyo pakompyuta. Mukajambula mu RAW, mtundu wa fayilo umene umasunga zonse zimene kamera yalandira, mungasinthe white balance kuti chithunzi chonse chipendekere ku chikasu kapena ku buluu, koma zimenezi zimangosuntha mitundu imene ilipo kale, sizibweza umene sunafike pa kamera. Mukakakamiza kufiira kuti chitenje chioneke bwino, milomo ndi makutu a munthu zimayamba kuoneka zachilendo, ndipo usiku wonse umathera pa chithunzi chimodzi.

Nambala yachiwiri ndi ya Kelvin, imene imasonyeza ngati kuwalako kwapendekera ku chikasu kapena ku buluu, ndipo musaisokoneze ndi CRI, chifukwa kuwala kwachikasu kukhoza kuonetsa mitundu molakwika chimodzimodzi ndi kwa buluu. Kandulo imakhala cha pa 1900K, babu lakale cha pa 2700K, dzuwa la masana cha pa 5500K, ndipo matochi ambiri a pamsika ali pa 6500K kapena kupitirira. Ngati mugula tochi imodzi yokha, ine ndingasankhe ya pakati pa 4000K ndi 4500K. Imagwirizana bwino ndi khungu, ndipo siitalikirana ndi kuwala kwa mwezi, kumene kuli cha pa 4100K, kotero mukajambula ku Emperor's View, pamwamba pa phiri la Zomba, mwezi ukuwala, munthu amene mwamuwalitsa ndi chigwa cha kumbuyo kwake sizitsutsana mitundu. Ya 3000K ndi yokongola pa nyumba zakale za njerwa zimene Zomba inatsala nazo pamene likulu linasamukira ku Lilongwe mu 1975, makamaka chisisira thambo lidakali labuluu, koma imeneyo ikhale yachiwiri. Ngati mumakonda kuika mapulasitiki amitundu kutsogolo kwa tochi, 5000K ndi yabwinopo, ndipo apa CRI yokwera imathandizanso, pakuti pulasitiki yofiira siipanga kufiira, imangolola kumene kulipo kuti kudutse. Kamera muiike pa Kelvin yomweyo ya tochi, musaisiye pa Auto.

Pali chinthu chinanso chimene sichilembedwa pabokosi, ndicho kupendekera kwa kuwala ku mtundu wobiriwira kapena wapinki, kumene oyeza amakutcha Duv. Nambalayi ikakwera pamwamba pa 0 kuwala kumabiriwira, ikatsika pansi kumaloza ku pinki. Pa mitengo ya paini ya pamwamba pa phiri kubiriwirako simungakuzindikire, koma pankhope kumaonetsa munthu ngati akudwala. Mababu ena abwino ndithu, monga Luminus SST-20, amabiriwira akamayaka pamphamvu yochepa, ndipo mphamvu yochepayo ndiyo mudzaigwiritse ntchito kwambiri. Nichia 519A ndi limene ojambula ambiri alikonda zaka zino chifukwa R9 yake ndi yokwera ndipo silipendekera kwambiri ku kubiriwira. Samsung LH351D ya CRI 90 ndi yapakatikati, yokwanira ngati thumba lachepa.

Tsopano za mizere yodukaduka. Ntchito imene mukuchitayi ili pawiri. Pena mumaloza tochi pa chinthu kuti chiwale, ndipo pamenepo mtundu wa kuwala ndiwo umalamulira. Pena mumaloza tochi ku kamera n'kulemba nayo m'malere, monga anachitira Pablo Picasso pa zithunzi zimene Gjon Mili anamujambula ku Vallauris m'dziko la France mu 1949, ndipo pamenepo cholamulira ndi kukhazikika kwa kuwalako. Matochi otsika mtengo akafuna kuchepetsa kuwala sachepetsa moto wopita ku babu, koma amaliyatsa ndi kulizimitsa mofulumira kwambiri, njira imene imatchedwa PWM. Diso siliona kuphethiraku tochi ikakhala phee, koma kamera imakulemba tochi ikamayenda. Tiyerekeze kuti tochi ikuphethira maulendo 200 pa sekondi ndipo dzanja lanu likuyenda mamita 2 pa sekondi: kuphethira kulikonse kukutenga sentimita imodzi ya mzere wanu, ndiye mzerewo utuluka uli timadontho toonekeratu. Tochi ina yophethira maulendo 20,000 pa sekondi ingasiye timipata tosakwana ngakhale milimita imodzi, timene palibe angatione. Yabwino koposa ndi imene siphethira konse, ya driver imene ogulitsa amailemba kuti constant current, kawirikawiri ya mtundu wa buck kapena boost. Kuyesa kwake n'kosavuta: ikani tochi pamphamvu yotsikitsitsa mumdima n'kuigwedeza mofulumira patsogolo panu, kapena unikirani madzi otuluka pampopi, mukaona madontho ataima paokhapaokha ngati kuti madziwo akudukiza, tochiyo ikuphethira. Pamene mukudikira kugula ina, yanu ya pamsikayo muiyatse pamphamvu yonse, pakuti matochi ambiri saphethira pamenepo, ndipo kuwalako mukuchepetse ndi pepala loyera kutsogolo kapena pochepetsa aperture, kabowo ka lenzi kolowera kuwala, mpaka f/11 kapena f/16.

Driver yabwino ili ndi ntchito inanso, yosunga kuwala pamlingo umodzi. Tochi yaing'ono ilibe chitsulo chokwanira kumwaza kutentha, choncho ikayaka pa turbo, mlingo wake wowala koposa, imatentha msanga n'kudzichepetsa yokha pakapita mphindi imodzi kapena ziwiri, ndipo yopanda driver yabwino imazilala pang'onopang'ono batire likamatha. Muyezo wa ANSI FL1, umene unakhazikitsidwa mu 2009 ndipo opanga odalirika amautsatira, umayeza ma lumen patangopita masekondi 30 chiyatsireni, ndipo umawerenga maola a batire mpaka kuwala kutatsika kufika pa 10 peresenti. Ndiye kuti tochi yolembedwa maola awiri ikhoza kuthera nthawi yambiri ya maolawo ili yozilala, ndipo wolembayo sananame. Kwa inu zimenezi zikutanthauza kuti mukamawalitsa khoma lalitali, poyambira pamawala kuposa pothera, ndipo mukajambula zithunzi zingapo zoti mukaziphatikize pakompyuta, sizifanana. Musagule poyang'ana turbo. Funsani mlingo umene tochiyo ingaugwire osatsika, ndipo pa tochi ya batire limodzi la 18650 mlingowo umakhala ma lumen mazana angapo, amene ndi okwanira.

Swichi anthu amaipeputsa mpaka tsiku limene yawaonongera chithunzi. Mukamalemba dzina la mkwatibwi m'malere mufunika kuzimitsa tochi pakati pa chilembo ndi chilembo, kenako kuiyatsanso pamlingo womwewo. Tochi imene imadumphira pamlingo wina kapena kuyamba kuthwanima nthawi iliyonse mwaidina siingagwire ntchitoyi. Funani yokumbukira mlingo umene munaisiyira, ndipo koposa zonse ya swichi ya kumchira imene imayaka mukangoikanikiza pang'ono n'kuzima mukachotsa chala. Matochi oyendera Anduril, pulogalamu ya mkati mwa tochi yolamulira kayakidwe kake, ali ndi njira imeneyi pa swichi ya m'mbali, ndipo amalolanso kusintha liwiro la kuthwanima ngati mukufuna mizere yodukaduka mwadala, ngakhale kuti kuphunzira kadinidwe kake kumafuna kufatsa. Matochi ena ali ndi kagetsi kobiriwira kapena kabuluu pa swichi kosonyeza mphamvu ya batire. Kameneko kamalemba mzere wake pachithunzi, choncho kamateni ndi tepi yakuda ya amagetsi.

Za maonekedwe a kuwala pakhoma ndinena mwachidule kuti matochi a zoom, amene adzaza pamsika, muwapewe. Mukawakokera patali amaponya chithunzi cha babu lenilenilo, cha ngodya zinayi, amasiya mikombero m'mbali, amataya kuwala kochuluka mkati, ndipo mutu wosuntha uja umalowetsa fumbi ndi chinyezi. Yabwino ndi ya galasi lamkati lokhakhala pang'ono, limene amalitcha orange peel, kapena ya lenzi ya TIR, chifukwa kuwala kwake kumazilala mosalala kuchoka pakati kupita m'mbali. Muunikire khoma loyera muone ngati pakati pali poyera koma m'mbali muli mkombero wachikasu, pakuti kusiyana kumeneko kumaoneka pa diresi la mkwatibwi. Zowonjezera zambiri mungapange nokha. Kachidutswa ka paipi ya PVC kopakidwa penti yakuda mkati, kovekedwa kumutu kwa tochi, kamaletsa kuwala kuthawira ku kamera, ndipo pepala la tracing limafewetsa kuwala pankhope. Kumbukiraninso kuti mukatalikira kawiri, kuwala kofika pa chinthu kumatsika kanayi, kotero kusendera kapena kubwerera m'mbuyo masitepe awiri kumasintha chithunzi kuposa kusintha tochi.

Mayina a matochi amasintha chaka ndi chaka, koma pali angapo amene ndingawatchule mosakayika. Convoy S2+, ya batire la 18650, yotalika pafupifupi masentimita 12, ndi yotsika mtengo ndipo wogula amasankha yekha babu, Kelvin ndi driver. Mukasankha Nichia 519A ya 4500K ndi driver ya buck mwathetsa mavuto anu onse atatu, kungoti ilibe potchajira pathupi pake, ndiye mufunika tchaja ya padera. Wurkkos FC11C ili ndi babu lomwelo, driver ya buck ndi potchajira pa USB-C, zimene zimathandiza magetsi akazima chifukwa mungaitchaje pa power bank kapena pa sola, koma swichi yake ndi ya m'mbali, yabwino powalitsa zinthu kusiyana ndi polemba zilembo. Emisar D4V2 ili ndi mababu anayi ndi Anduril, ndi yokwererapo mtengo ndipo imatentha msanga pa turbo. Chenjezo ndi lakuti tochi ya dzina limodzi imagulitsidwa ndi mababu osiyanasiyana, choncho poitanitsa pa intaneti kapena potuma m'bale amene ali ku Johannesburg, mulembe dzina la babu ndi Kelvin yake, osati la tochi lokha. Ngati mudzafuna ziwiri zogwira ntchito limodzi, ziguleni nthawi imodzi kwa wogulitsa mmodzi kuti mitundu yake ifanane.

Batire ndi pamene anthu ambiri amapusitsidwa. Dzina la 18650 likunena kukula kwake, mamilimita 18 m'mimba ndi 65 m'litali, ndipo lenileni losunga moto wambiri limakhala cha pa 3500mAh (mAh ndi muyezo wa moto umene batire limasunga). Lolembedwa 9900mAh ndi labodza, ndipo mukalinyamula mumamva kupepuka kwake, pakuti lenileni limalemera magalamu 45 kapena kuposerapo pang'ono. La 21700 limasunga cha pa 5000mAh koma tochi yake imakula. La 14500 n'lofanana msinkhu ndi batire la AA, koma mphamvu yake ndi ma volt 3.7 pamene AA ndi 1.5, choncho musaliike m'tochi imene inapangidwira AA yokha, mungaotche babu. Ogulitsa ambiri akunja satumiza mabatire a lithium pa positi, ndiye dziwiranitu kumene mudzalipeze musanaitanitse tochi. Amene amachotsedwa m'mabatire akale a laputopu amagwira ntchito ngati ali bwino, koma lililonse long'ambika chikopa, lopindika kapena lotentha potchaja mulisiye, ndipo musaliike m'thumba limodzi ndi makiyi kapena ndalama zachitsulo, chifukwa zikakhudza mbali zonse ziwiri likhoza kuyaka moto. Pa za madzi, nkhungu ya chiperoni pamwamba pa phiri ndi mafuvu a pa Williams Falls zimanyowetsa zipangizo mosazindikira, choncho yang'anani IPX7, imene imatanthauza kuti tochi ingapirire m'madzi akuya mita imodzi kwa mphindi 30, kapena IPX8. IPX4 ndi ya madontho ochepa chabe.

Tochi ikafika muiyese musanapite nayo ku ukwati wa munthu. Yalani patebulo tomato wakupsa, sitiroberi za m'njira ya ku Chawe ngati ndi nyengo yake, masamba a mpiru, chitenje chofiira chija, pepala loyera, ndipo m'bale wanu aikepo dzanja. Jambulani masana pamthunzi, kenako jambulaninso usiku ndi tochi yokha, kamera ili pa ISO 100, f/8 ndi masekondi 15, mukuyendetsa kuwalako kuchokera chammbali osati kumbuyo kwa kamera, kuti zinthuzo zikhale ndi mithunzi. Muike zithunzi ziwirizo pambalipambali pakompyuta ndipo muyambe kuyang'ana tomato ndi dzanja, chifukwa masamba amaoneka bwino pafupifupi pa tochi iliyonse. Mukafuna kuyesa pa njerwa, chipilala cha asilikali a King's African Rifles chimakopa wojambula aliyense, koma chili pafupi ndi Cobbe Barracks ndi ndende, ndipo munthu woyendayenda ndi tochi ndi kamera usiku m'dera lotere, kapena cha ku State House, ayenera kupempha chilolezo masana kwa oyang'anira malowo. Kuphiri musapite nokha. Tengani mnzanu kapena mmodzi wa otsogolera alendo, ndipo pa malo ngati Chingwe's Hole, dzenje lakuya la pamwamba pa phirilo, muyambe mwayendapo kukuwala kuti mudziwe pamene phazi lingaponde, chifukwa shutter ikatsekula mudzakhala mukuyenda chammbali maso ali pa kuwala kwa tochi, osati pansi.